Eliyeni pa mpando wakutsogolo: muonere iti pakati pa Paul, Starman, Home ndi anzawo?

Pali mtundu wina wa mafilimu umene ine ndimaukonda heve, ndipo nkhani yake pafupifupi imakhala imodzimodzi. Cholengedwa chochokera ku pulaneti ina, chija ambirife timangoti eliyeni, chapezeka pa dziko lathu lino ndipo chikuyenera kukafika pamalo ena ake pomwe anzake akachitengere, nde chimakumana ndi munthu wamba woti ali ndi galimoto, ulendo nkuyambika, mmbuyomu akazitape a boma ali pa liwiro kuwasaka. Basi. Koma ngakhale mafupa ake ndi amodzi, mnofu wake umasiyana kwambiri, ina mungaonere ndi ana, ina mukayerekeza kuika ana ali pompo muchita kuthamangira rimoti, ina imaseketsa pang'ono koma imakusiya mtima uli thii. Ndiye ndati ndiyale asanu amene ndimawadziwa bwino kuti musankhe nokha.

Muyeso wanga ndi umodzi: kodi mkati mwa galimotomo mukuchitika chani? Kuthamangitsana ndi kuphulitsana aliyense angajambule. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo filimu ya mtunduwu imakoma pamene mlendoyo, atakhala pa mpando wakutsogolo masiku angapo, wameta china chake mmoyo mwa woyendetsayo chimene eni ake chinkawakanika. Opanga filimu akapanda kupereka mpata woti awiriwa angokhala, azicheza, azikangana za njira, aime pothira mafuta, adye, ndiye kuti zatsala ndi phokoso chabe.

Tiyambe ndi Paul ya 2011, chifukwa mukangonena kuti komede ya eliyeni pa msewu, imeneyi ndi imene imabwera msanga mmutu. Anailemba ndi Simon Pegg ndi Nick Frost, omwenso ndi amene akusewera ngati anyamata awiri a ku England, Graeme ndi Clive, dayilekita ndi Greg Mottola. Anyamatawa ndi aja openga ndi makomiki ndi nkhani za mumlengalenga, apita ku America ku msonkhano wa Comic-Con ku San Diego, kenako achita hayala chigalimoto chija chokhala ndi bedi, khitchini ndi toileti mkati momwemo, kuti akaone malo otchuka ndi mphekesera za zombo zachilendo. Malowa si opeka ayi. Area 51 ilipodi ku Nevada, ndi malo a asilikali amene CIA inachita kuvomereza poyera mu 2013 kuti alipo, ndipo msewu wodutsa chapafupi, State Route 375, boma la Nevada linaupatsa dzina loti Extraterrestrial Highway mu 1996. Mmbali mwa msewuwo muli kamudzi ka Rachel ndi kamalo kodyera kotchedwa Little A'Le'Inn, komwe anyamatawa amaima mufilimumu. Atangochoka pamenepo usiku, galimoto ina ikuwadutsa nkuchita ngozi kutsogolo kwawo, ndipo amene akutulukamo ndi Paul.

Chimene chimandigwira pa Paul ndi choti si mlendo woti sadziwa kanthu. Wakhala mmanja mwa boma la America zaka zoposa 60, kuyambira pomwe chombo chake chinagwa ku Wyoming mu 1947, nde Chingerezi amachidziwa kuposa anyamata aja, amavala kabudula ndi masilipasi, amasuta, amatukwana, mawu ake ndi a Seth Rogen. Thupi lake ndi lotuwa, chimutu chachikulu, maso aakulu, ndipo filimuyo imafotokoza mwanthabwala kuti zithunzi zonse za maeliyeni zimene timaona zinachokera pa iyeyo, boma limazitulutsa pang'onopang'ono kuti anthu azolowere. Choncho zinthu zatembenuzika, alendo enieni pa msewuwu ndi Angerezi awiriwa, sadziwa chikhalidwe cha kumidzi ya ku America, ndi amantha, pomwe eliyeni ndi amene akuwauza zochita. Paul anapangidwa pa kompyuta ndi kampani ya ku London ya Double Negative, ndipo ntchitoyo anaigwira bwino, pakangotha maminitsi khumi mumaiwala kuti pampandopo panalibe munthu, mumangoona mmene akupindira miyendo, mmene akuyang'anira pa windo.

Ndipo nthawi ya mgalimoto ilipo yambiri. Amawotcha nyama panja usiku, amakangana, Clive akuchita nsanje kuti mnzake wa kalekale wayamba kugwirizana kwambiri ndi mlendoyu, panjira atenga mtsikana Ruth, amene akusewera ndi Kristen Wiig, wa diso limodzi losaona ndipo anakulira pansi pa bambo wankhanza. Pegg ndi Frost asanalembe anayenda okha ulendo wa pa galimoto yotereyi kudutsa America, ndipo zimaoneka, kutopa kwa pa msewu kuja, kununkhitsana mkati, kudya zilizonse, zonse ndi zenizeni. Chigawo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha mayi Tara. Iwowa ali kamtsikana ndi amene anakoka Paul kumutulutsa mu chombo chitagwa, chinagwera galu wawo amene dzina lake linali Paul, dzinalo nkuchokera pamenepo, ndipo moyo wawo onse anthu akhala akuwaseka kuti ndi amisala chifukwa chonena zimene anaona. Paul akabwerera kukawapepesa, filimu yonse ya matukwana ija imangoti zii kwa kanthawi, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinaikondera. Ulendowo umathera pa Devils Tower ku Wyoming, chimwala chachitali chosalala pamwamba chimene chinakhala chipilala choyamba chotetezedwa ndi boma la America mu 1906, ndipo anachisankha dala chifukwa Steven Spielberg anajambulapo filimu ya maeliyeni ya Close Encounters of the Third Kind ya 1977. Spielberg yemweyo mawu ake amamveka pa foni mufilimumu, ndipo Sigourney Weaver amatulukira kumapeto.

Koma ndikuchenjezeni mosabisa. Ku America anaipatsa chilembo cha R, kutanthauza ya akuluakulu, matukwana ndi osawerengeka, muli chamba, muli nthabwala za kuchipinda. Chachiwiri, imaseka anthu opemphera, makamaka kudzera mwa Ruth ndi bambo ake, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa analemba mwaulesi, anangotenga munthu wa chikhulupiriro nkumupanga chitsiru kuti eliyeni amuwongole mu miniti imodzi. Ngati zimenezi zimakupwetekani, mudziwiretu. Chachitatu nthabwala zambiri ndi zokumbutsa mafilimu akale a sayansi yopeka, nde ngati simunawaonere zina zingokudutsani, ngakhale nkhani yake mutha kuitsata bwinobwino. Ndi ya maminitsi 104.

Tsopano Starman ya 1984. Ena anena kuti imeneyi si komede, ndipo akunena zoona pang'ono, ndi nkhani ya chikondi kwenikweni, koma imaseketsa mwa njira yake ndipo pa muyeso wanga uja wa mgalimoto palibe imene ikuiposa. Anaipanga ndi John Carpenter, munthu wodziwika ndi mafilimu oopsa, nde zimadabwitsa kuti anatulutsa chinthu chofatsa chonchi. Imayambira pa chinthu chenicheni: mu 1977 NASA inatumiza zombo za Voyager zitanyamula chimbale cha golide chokhala ndi moni mzilankhulo zambiri, nyimbo ndi zithunzi za dziko lapansi. Mufilimumu ena ake kutali anachipeza chimbalecho, anachitenga ngati kalata yowaitana, atumiza mmodzi kuti adzacheze, ndipo asilikali amulandira ndi mizinga. Agwera ku Wisconsin pafupi ndi nyumba ya mayi wamasiye Jenny, amene akusewera ndi Karen Allen, apeza tsitsi la malemu mwamuna wake limene linasungidwa mu alubamu, nkudzipangira thupi lofanana ndendende ndi malemuyo. Taganizani, mwaika maliro, mukulirabe, usiku mukudzuka nkupeza nkhope yomweyo ili pabalaza koma siikudziwa ngakhale kuphethira bwino.

Ali ndi masiku atatu okha kuti akafike ku chidzenje chachikulu cha ku Arizona, pafupi ndi Winslow, chimene chinakumbika ndi mwala wogwa kuchokera kumwamba zaka pafupifupi 50,000 zapitazo, mulifupi mwake kuposa kilomita imodzi. Akapanda kufika afa. Mtunda wake ndi woposa makilomita 2,000 ndipo akuyenda pa galimoto ya Ford Mustang.

Apa palibe kompyuta yopanga nkhope, palibe chigoba, eliyeni ndi Jeff Bridges basi, ndi thupi lake lomwe. Amatembenuza mutu ngati mbalame, amayenda ngati miyendo ndi yobwereka, amamwetulira mochedwa chifukwa akuchita kutengera, ndipo anthu a Oscar anamuika pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya akita wamwamuna wopambana chifukwa cha gawo limeneli. Kuseka kwake kumachokera pa kuphunzira. Pali pena pomwe akuyendetsa nkudutsa maloboti mwa ngozi pafupi kugundana ndi thiraki, Jenny akukalipa, iye nkufotokoza modekha kuti waphunzira poona mmene iyeyo amayendetsera, kuti nyali yachikasu imatanthauza kuponda mafuta kwambiri. Mumaseka chifukwa sananame, anaonadi zimenezo. Ndipo kusintha kwa Jenny kumayenda pang'onopang'ono, poyamba ndi wogwidwa, akufunafuna mpata wothawa, akusiya uthenga mu toileti ya pothirira mafuta kuti anthu amuthandize, mpaka pa malo ena odyera pomwe akuona pa windo mlendoyu akudzutsa gwape amene mlenje anamupha nkumumangirira pa galimoto. Kuchokera pamenepo sathawanso. Kalumo kaja ndi kameneka, mayi amene anauma mtima ndi maliro akupatsidwa mpata wotsanzikana bwino ndi nkhope imene inachoka mwadzidzidzi.

Vuto lake ndi loti imayenda mofatsa, maminitsi 115, ndipo zithunzi zina za kuwala ndi zombo zikuoneka kuti ndi za kale. Amene mumafuna kuseka miniti iliyonse mukhoza kuona ngati ikubowa poyamba. Ana aang'ono singawagwire, komanso chigawo choyamba pomwe thupi likukula kuchoka pa khanda kufika pa munthu wamkulu chikhoza kuwaopsa, ndipo muli kachigawo ka chikondi mu sitima ya katundu. Ndi yabwino kuonera anthu awiri, kapena nokha usiku mutazimitsa foni.

Za ana ndiye Home ya 2015, katuni ya DreamWorks yochokera mu buku la Adam Rex. Mtundu wa tizolengedwa tamantha totchedwa Boov, tothawa adani awo a Gorg, talanda dziko lapansi mwaulemu nkusamutsira anthu onse ku Australia. Mmodzi mwa iwo, Oh, mawu ake ndi a Jim Parsons, walakwitsa potumiza uthenga woitanira anzake ku pate nkuutumiza ku mlengalenga monse kuphatikizapo kwa adani aja, nde akusakidwa ndi anthu a mtundu wake omwe. Akumana ndi kamtsikana Tip, mawu a Rihanna, kamene katsala kokha ndi mphaka wake ndipo kakufuna mayi ake. Oh akonza galimoto ya Tip ndi makina a zakumwa zoziziritsa a mu shopu, galimoto nkuyamba kuuluka, ulendo wa ku Paris kenako ku Australia.

Chimene anachita mwanzeru apa ndi khungu la ma Boov, limasintha mtundu malinga ndi mmene akumvera, akanama amabiriwira, choncho mwana amene sakumva Chingerezi bwino amathabe kutsatira amene akunama, amene wakhumudwa, amene akuopa. Ndipo Tip sakhulupirira Oh msanga, ali ndi chifukwa chomveka chomukwiyira, anthu ake ndi amene anamulanda mayi, nde kukangana kwa mgalimoto kuli ndi maziko. Oh amaphunzira kuti munthu akhoza kukwiya chifukwa cha chisoni, komanso kuti kuthawa si yankho la chilichonse, pomwe mtundu wake onse umanyadira kuthawa. Apa mlendo ndi amene akumetedwa, osati woyendetsa, koma zikugwirabe ntchito. Chimene sindikonda ndi choti nyimbo zachuluka moti pena zimakhala ngati akutsatsa chimbale, ndipo Oh amalankhula Chingerezi chopindika dala, zimene zimaseketsa amene amachidziwa bwino koma mwana amene akuphunzira kumene zingamusokoneze. Munthu wamkulu ukaionera kachiwiri imayamba kutopetsa, ana okha amaibwereza mpaka kuiloweza. Ndi maminitsi 94, yaifupi pa zonsezi.

Race to Witch Mountain ya 2009 sinditayapo nthawi yambiri. Dwayne Johnson ndi dalaivala wa takisi ku Las Vegas, ana awiri Sara ndi Seth akungopezeka ku mpando wakumbuyo ali ndi mpukutu wa ndalama, kumapezeka kuti si a dziko lino ndipo akufuna chombo chawo chimene boma labisa mu phiri. Ndi ya Disney, ndi yoyera, banja lonse litha kuonera, Johnson amaseketsa ndi nkhope yake yodabwa. Koma kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto ndi kuthamanga kokhakokha, akazitape uku, chilombo chotumidwa kudzapha anawo uku, moti palibe pomwe atatuwa akhala pansi nkudziwana, ndipo pomwe akutsanzikana mumaona kuti akufuna mulire koma misozi siibwera. Ngati muli ndi ana a zaka khumi kapena kuposerapo okonda akishoni iwakwanira. Yakale yake ya 1975, Escape to Witch Mountain, pomwe anawo amabisala mu galimoto yogonamo ya bambo wina wamasiye wosafuna anthu, ili ndi mtima kuposa yatsopanoyi ngakhale zithunzi zake ndi zachikale.

Yotsala ndi The Hitchhiker's Guide to the Galaxy ya 2005, imene ndaiika dala ngakhale mulibe msewu wa phula. Apa zatembenuka kotheratu, munthu ndi amene akupempha matola mumlengalenga. Arthur, amene akusewera ndi Martin Freeman, adzuka mmawa nkupeza mathirakitala akufuna kugwetsa nyumba yake kuti padutse msewu, ndipo tsiku lomwelo dziko lonse lapansi likugwetsedwa pa chifukwa chomwecho, kuti padutse msewu wa zombo. Mnzake Ford, amene akusewera ndi Mos Def, yemwe nthawi yonseyi anali eliyeni osanena, amupulumutsa nkukwera naye chombo cha ogwetsawo, Arthur ali chivalire chovala chogonera. Nkhaniyi ndi ya Douglas Adams, inayamba ngati sewero la pa wailesi ya BBC mu 1978, buku nkutuluka mu 1979, ndipo mwini wakeyo anamwalira mu 2001 filimu isanajambulidwe.

Mphamvu yake ili pa maganizo. Ma Vogon, ogwetsa dziko aja, si zilombo zolusa, ndi makalaliki, satha kuchita kanthu popanda fomu yosainidwa, ndipo anawapanga ngati zidole zikuluzikulu zenizeni ku Jim Henson's Creature Shop, osati pa kompyuta, nchifukwa chake mpaka lero amaoneka olemera, onyowa, oti mutha kuwakhudza. Muli loboti Marvin yokhumudwa nthawi zonse, mawu a Alan Rickman. Muli kompyuta imene inaganiza zaka mamiliyoni kufuna yankho la moyo nkutulutsa nambala 42. Koma nthabwala zake ndi za ku Britain zenizeni, zonenedwa nkhope ili gwa, zambiri zili mmawu osati mzochita, nde ngati Chingerezi chothamanga chimakuvutani yatsani mawu olembedwa pansi aja apo ayi mungoona anthu akuyendayenda. Nkhani yake imadumphadumpha, ndipo chikondi cha Arthur ndi mtsikana wina dzina lake Trillian anachikakamiza, sichikoma. Ine ndimaikonda mzigawozigawo, osati yonse.

Mukaziika pamodzi muona kuti funso lina lobisika ndi la mmene anamupangira eliyeniyo. Wa pa kompyuta ngati Paul amatha kuchita chilichonse, kusowa osaoneka akagwira mpweya, kukweza nsidze, koma zimadalira kuti anzake ochita sewero akhulupirire kuti alipo, ndipo Pegg ndi Frost anakwanitsa. Wa zidole ngati ma Vogon sakalamba koma sangakhale mgalimoto maola awiri akucheza nanu, nkhope yake ili ndi malire. Wa katuni ali ndi ufulu onse koma simuopa kuti afa. Wa thupi la munthu ndi wotchipa kupanga koma ndi wovuta kusewera, akita akalephera mumangoona munthu akudzipanga, monga ana a mu Race to Witch Mountain amene amangolankhula mouma basi, pomwe Bridges anasintha mpaka kapumidwe. Kwa ine njira yomalizayi ikagwira imaposa zonse, chifukwa maso amene akukuyang'anani ndi a munthu koma kumbuyo kwake mukuona kuti kuli wina.

Nde ngati mwasonkhana akuluakulu okhaokha ndipo matukwana sakukuvutani, ikani Paul, museka kwambiri kuposa pa ena onsewa. Ngati pali ana a pulayimale, Home, ndipo mukhale nawo poonera chifukwa chigawo chimene Tip akufunsa anthu za mayi ake ku Australia chimaliza ana ena. Ngati mumakonda nthabwala zoganizira ndipo muli ndi mtima wobweza mmbuyo pomwe simunamve, Hitchhiker's. Koma wina atandiuza kuti ndisunge imodzi yokha ena onse afufutidwe, ndisunga Starman mosaganiza kawiri. Ndipo amene mukufuna kuonera ziwiri zoyambazo, yambani ndi Starman kenako Close Encounters ngati mungaipeze, Paul ibwere pomaliza, chifukwa anyamata amene anailemba anakulira pa mafilimu amenewa ndipo mukafika pa Devils Tower paja mudziwa chifukwa chake Graeme ndi Clive akungoyang'ana chimwalacho kukamwa kuli yasa.